Chimbale Chachinayi

3 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa. Ababa ali bwanji? Bondo lija likuwavutabe? Mundiuze zoona, osati zija mumalemba nthawi zonse zoti aliyense ali gwa.

Kalata ino ndaitumiza dala ku shopu kwanu, osati kunyumba. Muiwerenge muli nokha. Muzimitse kaye chowotcherera mawaya chanucho ndipo mukhale pansi.

Achimwene, ndili ndi mwana. Wamkazi. Wakwanitsa zaka ziwiri ndi miyezi inayi, amayenda, amayankhula, amakana kuvala nsapato. Kuno timangomutchula kuti Kadona. Bambo wake anali mnzanga wa ku sukulu ya unamwino, ndipo nkhani yake ndi yaifupi: atamva za mimba anasamuka osatsanzika. Sukulu sindinasiye, pepala ndilandira mu Juni, ndipo ndikufuna kubwera kwathu mu Ogasiti. Koma mukukumbuka zimene Ababa ananena pa depoti tsiku londiperekeza lija, atagwira chikwama changa. Anati ubwere ndi pepala, usabwere ndi mwana. Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zinayi. Ndayambapo makalata oposa khumi owauza, onse ndinang'amba.

Ndiye ndaganiza nzeru ina, musandiseke. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, agogo athu amaonera mafilimu masana onse, ndipo abwana amafuna kutaya zimbale zakale. Ndasankhapo zinayi, ndatumiza m'katoni. Pa kabokosi kalikonse ndalembapo nambala, chifukwa pa zimbale zenizenizo pali zilembo zoti ngakhale ine sindingaziwerenge. Muwaonetse Ababa motsatira manambalawo, ndipo azindilembera maganizo awo pa filimu iliyonse. Zitatu zoyambazo n'zongowazoloweretsa. Nkhani ili pa chachinayi. M'menemo muli mtsikana amene akubwerera kwawo ndi mwana wopanda bambo, n'kukagogoda pa chitseko cha bambo ake. Chilankhulo sadzamva, koma nkhani yake ngakhale wogontha angaitsate. Ndikamva zimene Ababa anene za mtsikana ameneyo, ndidziwa ngati ndigule tikiti kapena ayi.

Chonde musawauze kanthu. Ndikudalira inu.

Mlongo wanu,
Mzime


24 Febuluwale

Mzime,

Moni wako ndalandira, katoni yafikanso bwinobwino. Tonse tili bwino, ndipo ulendo uno ndi zoona, kupatula ine amene wandidwalitsa.

Unati ndikhale pansi. Ndinakhala, koma sizinathandize. Ndinawerenga kalata yako katatu, kenaka ndinapezeka ndikumasula wailesi imene ndinali nditamaliza kale kukonza. Mwini wake anandipeza ndangoti kukamwa yasa, sikuludalaiva m'manja, mpaka anandifunsa ngati ndagwidwa ndi magetsi. Iwe, zaka ziwiri ndi miyezi inayi? Makalata onse aja unkatiuza za kuzizira ndi za mayeso, mwana ali pamwendo? Ine malume ake a munthu, osadziwa? Ndakwiya kwambiri, ndipo ndikufuna chithunzi chake msanga.

Alamu ako sindinawauze. Ukuwadziwa, akangomva lero, mawa msika wonse ukhala ukundipatsa mafuno abwino.

Za nzeru yakoyo, kaya. Ababa ndi mafilimu? Munthu amene amati tivi ndi bokosi longoononga tebulo? Komabe ndawalumikizira tivi ndi makina ena oonetsera zimbale amene mwini wake sanabwerenso kudzatenga, ndawaika pa kabati ya pabalaza. Poyamba anakana. Nditanena kuti ndiwe wapempha maganizo awo, anapita kukasamba, anavala malaya a kolala, n'kutenga kope ndi pensulo yawo ya kukhutu ija. Akuti mwana akafunsa maganizo sungamuyankhe za m'mutu.

Yoyamba taonera kale. Maganizo awo adzakulembera okha, koma anga ndi awa. Muli malo ena pamene wailesi yasiya kulira, munthu akungoimenya mbama, iyo n'kuyambanso. Anthu akaona zimenezo amakachita kunyumba, kenaka amabwera kwa ine ndi wailesi yothyoka m'kati n'kumati yangosiya yokha. Amene anajambula pamenepo ndikanakonda kukumana naye.

Zimbale zikumakhala ku shopu, ndikumawapititsira chimodzichimodzi Loweruka masana. Ndipo zandithandiza, chifukwa zanga zoyesera makina a anthu zonse zinakandikakandika. Zakozi n'zosalala ngati zatsopano. Usade nkhawa, ndikuzisamala.

Mchimwene wako


16 Malichi

Mzime wanga,

Ndakupatsa moni. Ine ndili bwino, bondo limangondikumbutsa m'mawa kuti lilipo. Ntchito ikuyenda, ndili ndi timipando ta sukulu ya mkaka ndi chitseko chimodzi. Iwe uli bwanji? Ukudya mokwanira? Mayeso ali liti?

Wapempha maganizo anga pa mafilimu ako. Ndaonera atatu. Zimene amayankhula sindimva, koma maso ndili nawo.

Nambala 1, ya anthu omenyana. Mwana wanga, ndakhala kalipentala zaka makumi anayi, sindinaonepo chipongwe chotere. Ndinawerenga mipando khumi ndi inayi, matebulo atatu ndi kabati imodzi, zonse zathyoledwa pamsana pa anthu m'nyumba yodyera imodzi. Chimene chinandiimitsa mutu si ndewuyo ayi, ndi mipandoyo. Mpando woti ukamenya nawo munthu umamwazika ngati bisiketi, munthuyo n'kudzuka n'kumapitiriza ndewu, ndi mpando umenewo? Ndinauza mchimwene wako aimitse chithunzi, ndinayandikira. Miyendo sanaiboolere n'kuilowetsa, angomata ndi guluu. Mpando wanga ukamenya nawo munthu, filimu ithera pomwepo. Woyenera kumangidwa m'filimu imeneyi ndi mmisiri, ndipo sanamuonetse n'komwe. Komanso mnyamata wolimba mtimayo amauluka kuchoka pansi kukafika padenga, makwerero ali pompo. Ndiye anawapangiranji?

Nambala 2, ya oimba. Iyi yandisokoneza. Mnyamata akumulanda mkazi, akukamukwatitsa kwa munthu wachuma. M'malo mopita kukakambirana ndi akuluakulu, iye akuyamba kuimba. Asanamalize mzere woyamba, anthu makumi asanu atulukira, sindikudziwa kuchokera kuti, ndipo onse akudziwa kavinidwe kake. Wogulitsa zipatso wasiya zipatso, wometa wasiya munthu ndi thovu kumaso. Ntchito amagwira nthawi yanji anthu amenewa? Nyimbo imodzi yomweyo mtsikana wasintha zovala kasanu, mwina ali kuphiri, mwina ali pamvula, mwina ali kuphiri kachiwiri atauma kale. Maola atatu athunthu. Koma ndisaname, pamene mayi wa mnyamatayo ankamudikira pakhomo, ndinatuluka kukaona ngati ndatseka shedi. Mchimwene wako akuti ndinkalira. Unali utuchi. Ndipo chitseko cha nyumba ya wachumayo, chimenecho ndiye chitseko. Ndachijambula m'kope.

Nambala 3. Mchimwene wako anagona. Mdala mmodzi, nyumba imodzi, mkazi wake anamwalira. Adzuka, aphika tiyi, aika makapu awiri, akumbukira, abweza imodzi. Ayang'ana pawindo. Mawa chimodzimodzi. Palibe womenya mnzake, palibe woimba. Ndadabwa kuti alipo anthu amene anavutika kujambula zinthu zimene ine ndimachita tsiku lililonse popanda wondiona. Sindinaikonde. Ndaionera kawiri. Tebulo lake limagwedera, mwendo umodzi ndi waufupi, ndipo filimu yonse palibe amene anaikapo ngakhale kapepala.

Nambala 4 idikire kaye, ndimalize timipandoti.

Pepala lako lija undiuziretu kukula kwake, mulitali ndi mulifupi, ndipange felemu usanafike. Thabwa labwino ndasunga.

Bambo ako


31 Malichi

Ababa,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndathokoza kumva kuti muli bwino. Ine ndili bwino, ndikudya, mayeso ali mu Meyi.

Kalata yanu ndinawerenga pa nthawi yopuma, ndinaseka mpaka anzanga anabwera kudzaona ngati ndatsamwa. Nditawamasulira za mipando, gogo wina wa kuno amene waionera filimu imeneyo mwina kakhumi anati iye sanadziwe kuti muli mipando. Agogo a kuno amakonda za nkhondo ndi za apolisi, ndipo amazikweza mpaka mawindo kunjenjemera. Ine zimenezo zinandikwana. Munthu awomberedwa paphewa, angomanga kansalu n'kumathamangabe, pamene ine ndikudziwa kuti akanagona m'chipatala milungu itatu.

Ya oimba ija ndimaikonda, Ababa, musainyoze. Munthu ukakhala kutali ndi kwanu umalakalaka malo oti ukalira, anthu makumi asanu asiye ntchito zawo abwere. Yachitatu ndinaiika ndikukayika. Pepani ngati inakupwetekani.

Tsopano ndili ndi pempho. Nambala 4 muionere nokha, pasakhale achimwene kapena wina aliyense. Ndipo chonde, ulendo uno musayang'ane mipando, muyang'ane anthu. Ikuyamba ndi mayi wachitsikana ataima pakhomo ndi mwana, ndi bambo wachikulire amene ayenera kusankha kutsegula kapena ayi. Mukamaliza mundiyankhe funso limodzi lokha. Mukanakhala inu, mukanatsegula?

Muyeso wa pepala ndidzatumiza ndikaliona.

Mwana wanu,
Mzime


19 Epulo

Mzime,

Moni. Tili bwino. Kalata ino ikhala yaifupi.

Nambala 4 ndinaonera ndekha dzulo masana, monga unanenera. Sindinaimalize. Ndinazimitsa makina, ndinazula ndi chingwe chomwe kukhoma, ndinakakhala panja mpaka mchimwene wako atabwera. Chimbalecho ndamuuza achichotse m'nyumba mwanga. Zimene ndinaona sindizilemba pano, ndipo sindinauze munthu. Sindinayembekezere kuti mwana wanga, amene tinamulera ine ndi malemu amayi ako, angandiikire zinthu zotere pamaso. Kodi kumeneko mwafika poti zimenezi mumaziona ngati zabwinobwino?

Unati ndisayang'ane mipando, ndiyang'ane anthu. Ndinayang'ana. Mayi uja ndinamuona, mwana ndinamuona, mdala uja ndinamuona. Wandifunsa ngati ndikanatsegula. Ayi. Sindikanatsegula. Ndikanakhoma chitsekocho ndi misomali ya mainchesi sikisi, n'kupingasapo thabwa pamwamba pake. Mdala uja ndi chitsiru, ndipo zonse zimene zinamuonekera anaziputa yekha. Mwana ngati ameneyo salowa m'nyumba ya anthu. Mayi wakeyo ankadziwa chimene wanyamula, n'chifukwa chake ankangoyang'ana pansi. Akanabwerera naye komwe anamutenga.

Usanditumizirenso zotere. Ngati uli nazo zina za mdala wa makapu awiri uja, bola zimenezo.

Muyeso wa pepala ndikudikirabe.

Bambo ako


4 Meyi

Achimwene,

Moni kwa nonse. Sindifunsa zambiri, mutu wanga suli bwino.

Yankho ndalandira. Mawu a Ababa ndakopera kuseri kwa pepala lino kuti muwerenge nokha, chifukwa mukanati ndikuwonjezera. Misomali ya mainchesi sikisi, achimwene. Ndinkayembekezera kukalipa. Ndinkayembekezera kuti mwina akhala chaka osandiyankhula. Koma kuti mwana ngati ameneyo salowa m'nyumba ya anthu? Mwana wa m'filimu ija sachita kanthu, amangogwira siketi ya mayi wake n'kumadya bisiketi. Kalatayo ndinawerenga ndili pamalo okwerera basi, basi inabwera n'kupita ine ndili chiimire. Nditafika kunyumba Kadona anandithamangira ndi nsapato imodzi m'manja, ndipo manja anga anakanika kumunyamula.

Ndikuganiza kuti Ababa anazindikira. Si munthu wopusa. Ayankha ine, osati filimu.

Ndiye mu Ogasiti sindibwera. Abwana anandiuza kale kuti ndikalandira pepala andilemba ntchito yokhazikika, ndipo dzulo ndavomera. Ndikusamukanso m'chipinda chino sabata yamawa, kupita kufupi ndi kuntchito. Adiresi yatsopano ndidzakupatsani mtima ukakhala pansi, pakali pano sindikufuna kalata ya wina aliyense. Musawauze kanthu Ababa ndipo musawanyengerere. Mwana wanga sadzaima pakhomo pa munthu kudikira kuti aone ngati ali woyenera kulowa.

Chithunzi munapempha chija ndaikamo. Muchisunge ku shopu.

Pepala lawo ndidzatumiza pa positi, apange felemu yawoyo.

Mzime


27 Juni

Mzime, mlongo wanga,

Usang'ambe. Kalata ino ndi yachitatu, ziwiri zinabwerera zitadindidwa kuti munthuyo anasamuka. Ndinayesa kuimba lamya kuntchito kwako, anayankha mayi wina. Iye chilankhulo chake, ine chizungu changa cha m'mabuku a mawailesi, tinangopatsana moni kasanu mpaka lamya inaduka. Ndiye ino ndalembera ku nyumba ya okalambayo, adiresi ndaipeza pa katoni ija.

Wolakwa ndine. Ababa sanaonere filimu yako.

Ukudziwa mmene timagwirira ntchito yathuyi. Munthu akabweretsa makina, kawirikawiri mumakhala chimbale chake chimene chinakanirira m'kati. Ndimachitulutsa, ndikakonza ndimayesera china, kenaka ndimabwezeramo chake. Kumayambiriro kwa Epulo, wogulitsa nyama wa kuseri kwa msika uja anabweretsa makina ake. Ndinayesera chimbale chako chachinayi. Anabwera ali piringupiringu, akundikalipira kuti ndachedwetsa, ine ndinangotseka n'kumupatsa. Chako chinapita m'makina ake, chake ndinachiika m'kabokosi ka nambala 4. Zonse ziwiri zilembo zake n'zosawerengeka. Ndikudziwa kuti chimenecho si chifukwa, ndangonena.

Tsiku lija nditawapeza Ababa atakhala panja, hamala m'manja, ndinaganiza ngati iwe kuti azindikira. Ndinayenda monyang'ama mwezi wathunthu. Ndiye pakati pa Meyi, kalata yako yowawa ija itangofika, wanyama uja akutulukira. Akuti iwe Mawaya (ndi mmene amanditchulira pamsika), unandiikira chiyani m'makina? Akuti anaitana anzake kuti awaonetse filimu yoopsa, amuna akuluakulu asanu ndi mmodzi ogwira zikwanje tsiku lonse, m'malo mwake onse anapezeka akupukuta m'maso. Mkazi wake waionera kasanu ndi kawiri ndipo akukana kubweza.

Ndinatseka shopu n'kuika chimbale chimene Ababa anaonera chija. Mzime, ine ndimakonza ma tivi, ndaona zambiri, koma izi ayi. Ikuyambadi ndi mayi ndi mwana pakhomo, mvula ikugwa, mdala akutsegula. Pakangopita mphindi khumi mwanayo maso asanduka oyera okhaokha, akuyenda kudenga ngati nalimata, akuyankhula ndi mawu a chibambo, ndipo mbalame za mdala uja akuzidya zamoyo ndi nthenga zomwe. Zotsatira zake sindikuuza, nanenso ndinazimitsa. Ababa anaonera zimenezo okha, ndi kope ndi pensulo, akuyang'anitsitsa anthu monga unawapemphera.

Ndinaseka, kenaka ndinakumbukira kalata yako, kusekako kunathera pomwepo.

Unati ndisawauze. Ndawauza. Kalata yachiwiri itabwerera ndinaona kuti tikutaya munthu chifukwa cha ine. Ndinakachonderera chimbale kwa mkazi wa wanyama, ndinapita nacho ku shedi pamodzi ndi chithunzi cha Kadona ndi makalata ako awiri aja. Ndinawapeza akupala thabwa. Ndinafotokoza zonse nditaima pafupi ndi khomo, kuti zikavuta ndithawe. Anawerenga ataimirira. Atafika pa mawu awo amene unakopera kuseri kuja, anakhala pa utuchi, pansi penipeni, munthu wa bondo lovuta. Chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Ndiye mwana wanga anawerenga zimene zija akuganiza kuti ndikunena uyu?"

Nditavomera anandiuza kuti ndichoke pamaso pawo, ndipo sabata yonse sanandiyankhe moni. Dzulo andipatsa kalata imene ndaikamo umu, yomata kale. Sindikudziwa zimene alembamo. Ukafuna kutukwana, tukwana ine.

Mchimwene wako wopusa


26 Juni

Mzime wanga,

Ndakupatsa moni, iwe ndi mwana.

Ndiyambe ndi filimu, popeza ndi imene unafunsa. Nambala 4 yeniyeni ndaionera mpaka kumapeto. Ndi filimu yoipa. Mdala uja akutenga ola limodzi ndi theka kuti atsegule chitseko. Ndinayang'ana wotchi. Mwana wake ali panja, mdzukulu ali panja, iye akungoyendayenda m'nyumba, akuyang'ana zithunzi zapakhoma, akusuta. Ndinamukalipira mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati mwalowa wakuba. Kenaka ndinasiya kukalipa, chifukwa ndinaona kuti iye ndi ola limodzi ndi theka, ine ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo chitseko changa ndinachikhomera pa depoti mwanayo asanabadwe n'komwe.

Mawu aja ndinanena, sindikana. Ndinali ndi mantha. Amayi ako anali atangotisiya, ndipo ndinkaganiza kuti bambo akamaperekeza mwana wamkazi amayenera kunena mawu olimba. Pofika kunyumba ndinali nditawaiwala. Sindinadziwe kuti iwe unawalongedza m'chikwama.

Koma nawenso wandilakwira, ndipo ndinena. Unabereka wekha kudziko la eni, wopanda wokugwira dzanja, ine kuno ndikupala matabwa ndikuimba mluzu. Zaka zonsezi ndakhala ndikupangira ana a eni timipando, wanga akukhalira pulasitiki. Izi zandipweteka kuposa mwana wakudenga uja. Tsiku lina ukakhala ndi nkhani, undiuze wekha. Usamatume anthu a m'filimu osamveka chilankhulo, n'kudutsiranso m'manja mwa mchimwene wako, munthu woti anataya nsapato tsiku la ukwati wake.

Chinthu china. Unati ndisayang'ane mipando, koma apa sindingakhale chete. Kabedi kamene anagonekamo mwana kumapeto kwa filimuyo, timitengo take tatalikirana kwambiri. Mutu wa mwana ungalowe n'kukanirira. Anthu onse ojambula aja palibe anaona? Ngati Kadona amagona m'kabedi kotere, umuchotsemo lero.

Chithunzi ndachiona. Chipumi ndi cha amayi ako. Koma wamukhazika pa mpando wa munthu wamkulu, miyendo ili lendelende m'malere, ndipo zimenezo zimaononga msana. Utenge ulusi, umuyeze kuyambira kuseri kwa bondo mpaka pa chidendene, umange mfundo. Kenaka kuyambira pamene amakhalira mpaka paphewa, mfundo ina. Usandilembere manambala, manambala atipweteka kale m'banja muno. Utumize ulusiwo. Thabwa lilipo, lija ndinkasungira felemu. Pepala lidikire.

Unandifunsa ngati ndikanatsegula. Chitseko cha kuno chimakanirira nthawi ya mvula, ukuchidziwa. Ndachichotsa, ndachipala m'mbali, ndathira mafuta m'mahinjesi. Tsopano ngakhale mwana wa zaka ziwiri akachikankha ndi dzanja limodzi chikutseguka.

Bambo ako


15 Julayi

Ababa,

Moni. Tili bwino tonse awiri.

Makalata anu anandipeza kuntchito. Ndinawawerengera m'kachipinda kosungiramo mabulangete, ndinaseka, ndinalira, abwana anandipeza nditakhala pansi n'kundipatsa madzi. Achimwene muwauze kuti sindinawakhululukire, ndidzawakhululukira pamaso.

Pepala ndalandira. Kadona alibe kabedi, amagona ndi ine, musade nkhawa.

Ulusi ndayesa katatu. Mwanayu sakhazikika, Ababa. Ulendo woyamba anathawa, wachiwiri anauluma, wachitatu anamangira chidole chake n'kumachikoka. Ndiye ulusi sinditumiza. Abwana andipatsa tchuthi cha milungu isanu. Tifika pa 21 Ogasiti, basi ya masana. Mubwere pa depoti ndi tepi yanu, mudzamuyeze nokha.

Mwana wanu,
Mzime